Chiswe cha mu Laibulale Ndine, Koma Mwana Wanga Sakudziwa

Aphungu,

Ndipepeseretu ngati kalatayi izidumphadumpha. Masabata angapo apitawa mutu wanga sukukhazikika, ndipo ngakhale panopa ndikulemba ndikumwetulira ndekha ngati wodwala. Vuto langa ndi lachimwemwe, koma ndi vuto ndithu, ndipo liphulika Loweruka likubwerali.

Ndine mayi wa zaka 51 ndipo ndimagwira ntchito mu laibulale. Chaka chino n'cha 23 ndili pa desiki imodzimodzi, moyang'anana ndi khomo, pansi pa fani amene amazungulira akafuna yekha. Ogwira ntchito tilipo atatu: abwana, ine, ndi mnzanga amene tonse timawatcha Mayi Chidindo, chifukwa akamadinda buku amalimenya ngati linawalakwira.

Miyezi iwiri yapitayo tinalandira makatoni asanu ndi anayi a mabuku atsopano a ana ndi achinyamata. Atsopano enieni, Aphungu, osati aja amabwera ena atawerenga kale n'kusiyamo madontho a tiyi. Titatsegula katoni yoyamba, Mayi Chidindo analowetsa mphuno m'buku n'kunena kuti, "Ili likanakhala buledi, bwenzi nditadya." Abwana anati buku lililonse lisakwere pa shelefu wina asanaliwerenge, kuti tidziwe la tiana ndi liti, la achinyamata ndi liti, kuopa kuti kholo lina lingadzatilalatire. Anayang'ana Mayi Chidindo, iwo akuti maso akuwavuta masiku ano. Anayang'ana ine. Basi ntchito inandigwera.

Ndiulule pano. Zaka zonsezi ndakhala ndikusunga mabuku ngati mmene mlonda amasungira sitolo. Nambala ya buku lililonse ndimaidziwa, koma zam'kati ayi. Buku lomaliza kuliwerenga mpaka kumapeto ndinaliwerenga ndisanakwatiwe. Ndiye ndinayamba monyinyirika, ndi timabuku tazithunzi, kuti ntchito ichepe msanga.

Koyamba kanali ka mvuu imene inkafuna kuphunzira kuimba mluzu, koma kukamwa kwake n'kwakukulu. Nditafika pamene mvuuyo inayesa ndi mphamvu zonse mpaka chipewa cha aphunzitsi ake chinauluka, ndinaseka mokweza, ine amene ntchito yanga ndi kutontholetsa anthu. Bambo wina amene amabwera kudzawerenga nyuzi anatsitsa magalasi n'kundilozera chikwangwani chakuti KHALANI CHETE, chimene ndinalemba ndekha. Kenako kunabwera ka sokosi imene inagwa pa chingwe choyanikira zovala n'kuyenda tauni yonse kufunafuna inzake. Itaipeza inzakeyo itasanduka chopukutira nsapato, ndinalowa kuchimbudzi kukapukuta misozi. Kulirira sokosi, Aphungu, mayi wa zidzukulu ziwiri.

Koma amene anandimaliza ndi mabuku a achinyamata. Lina ndi la mtsikana amene amagwira pagolo mu timu ya anyamata mobisira bambo ake. Lina ndi la mnyamata wachibwibwi amene analowa mpikisano wa mtsutso kusukulu pongofuna kukhala benchi imodzi ndi mtsikana wina. Limenelo ndinaliwerengera mu minibasi, ndipo nditadzutsa mutu anthu onse anali atatsika. Kondakitala anandifunsa kuti, "Amayi, ulendo wathera pano. Kapena tipitire limodzi ku garaja?" Kunyumba mpunga wapserera kawiri. Abambo akunyumba, amene ndi owotcherera zitsulo, tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Kodi m'bukumo muli mwamuna? Mundiuziretu, ndikamuone." Lamulungu lotsatira ndinawapeza pakhonde ndi ka mvuu kaja, mapewa akugwedezeka. Akuti ankangoona ngati ana angakamve.

Nditawerenga mabuku pafupifupi makumi anayi, ndinali ngati ketulo yowira. Ndinkafuna munthu wokambirana naye. Ndiye ndinadula timapepala, pa kalikonse n'kulembapo funso lokhudza bukulo, n'kukalowetsa m'kathumba ka kumapeto kwa buku. Ndinkalemba ndi zilembo zazikuluzikulu zokhazokha, ngati mmene timalembera makadi, ndipo ndinkasaina kuti Chiswe, poti ndicho chimadya mabuku. Kuseri kwa shelefu yomaliza tili ndi kabati yakale ya makadi, ya timadirowa tambirimbiri, kalikonse ndi chilembo chake. Ndinalemba kuti wofuna kuyankha adzipatse dzina longopeka, aponye yankho lake mu dirowa ya C, ndipo la Chiswe akalipeza mu dirowa ya chilembo choyamba cha dzina lake. Ndili pa desiki kabatiyo sindiiona. Abwana anati, "Bola asamalembe m'mabuku mwenimwenimo."

Mayankho anabwera. Ambiri anali akuti "linali bwino" kapena "latalika". Wina anangojambula mvuu itavala tayi. Koma tsiku lina ndinapeza kapepala kosainidwa kuti Tsabola, kakuti: "Chiswe, funso lako ndi la aphunzitsi. Funsa zenizeni. Bwanji wolembayu anapha galu pa mutu 9? Galuyo anamulakwira chiyani?" Ndinaseka mpaka Mayi Chidindo anaphonya podinda. Inenso galuyo anandipweteka mtima. Ndinayankha, iye anayankha, ndipo tinakangana masiku atatu ngati mtsikana wapagolo uja analakwa kubisira bambo ake. Tsabola anati, "Munthu amabisira amene amamukonda. Amene sumukonda umangomuuza, akwiye akwiye."

Pa kapepala kachinayi m'pamene mtima wanga unagunda. Chilembo cha g chinali ndi mchira wopindikira kumbuyo ngati mbedza, ndipo inki inali yobiriwira. Bolopeni yobiriwirayo ndinagula ndine. Aphungu, Tsabola ndi mwana wanga, mzime wanga wa zaka 15.

Mumvetse chifukwa chake ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti, kuseri kwa shelefu. Mwana ameneyu zaka ziwiri tsopano mawu ake kunyumba ndi anayi: eya, ayi, kaya, ndadya kale. Akaweruka kusukulu amabwera ku laibulale kudzandidikira, koma amakhala tebulo lakumapeto ndipo amandipatsa moni ndi nsidze. Mu minibasi amayang'ana pawindo. Ndinkaganiza kuti mwana wanga ndi wofatsa mwachibadwa, kapena kuti m'mutu mwake mulibe zambiri. Kumeneko ndiye kulakwa. Mwanayu ndi wanthabwala, ndi wakuthwa, amaona chilichonse. Anandilembera za bambo wa nyuzi uja kuti amawerenga tsamba limodzi ola lathunthu chifukwa amagona maso ali chitsegulire. Ndinakasuzumira, ndi zoona.

Ndikudziwa kuti ndikanasiya pomwepo. Sindinasiye. Mamawa ndimafika ku ntchito abwana asanafike, n'kuthamangira ku dirowa ya C chikwama chili paphewa. Ndikapeza inki yobiriwira, tsiku lonse ndimayenda ngati pansi pali masipuling'i. Madzulo timakhala moyandikana mu minibasi, iye pawindo, ine ndikuluma milomo kuti ndisaseke nthabwala imene wandilembera masana omwewo.

Mufunsa kuti sakundikayikira bwanji, ogwira ntchito tili atatu okha. Nayenso anayesa kulota. Analemba kuti: "Si abwana, iwo amalemba ngati nkhuku yapalasa. Si Mayi Chidindo, bwenzi pepala litabooka. Si mayi anga, iwo sawerenga, amangodinda madeti, ndiponso saseka. Ndiwe mmodzi wa atsikana a ku koleji amene amakhala pafupi ndi windo." Mawu amenewo anandilasa, komabe ndinaseka, poti miyezi itatu yapitayo akanakhala oona.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chikundichititsa manyazi. Ndinamufunsa, monga Chiswe, kuti mayi ake ndi munthu wotani. Anayankha kuti: "Ndi abwino, koma amafunsa ngati apolisi. Ndipo ukawauza kanthu, mawa azakhali onse adziwa." Aphungu, mwanayu sakunama. Atatha msinkhu ndinaimbira foni achemwali anga tsiku lomwelo, mokweza, iye ali m'chipinda chinacho akumva. Pano ndikawerengera, m'pamene chitseko chake chinayambira kutsekedwa.

Kuchokera apo wakhala akundiuza zambiri. Safuna unamwino umene ine ndi bambo ake takhala tikumuimbira chibadwire. Amalemba nthano zake m'kope limene amabisa penapake, ndipo walembamo kale zisanu ndi ziwiri. Wandiuzanso zina za mumtima, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Izi sindinauzepo munthu." Sabata yatha ndinatsala pang'ono kudzigwiritsa. Ndinagula kope latsopano lachikuto cholimba n'kumuikira pa bedi. Anatuluka nalo, n'kundiyang'ana, n'kufunsa kuti, "La chiyani?" Ine ndinati, "La masamu." Anati, "Oo," n'kubwerera.

Bambo ake ndinawauza kuti Tsabola ndi ndani. Iwo anaika manja m'mwamba n'kuti, "Ine sindinamve, ndinali ku ntchito." Mayi Chidindo akuti ndipitirize mpaka mwanayo adzakwatiwe, poti mwayi woterewu makolo ena amaupempherera.

Dzulo ndapeza kapepala aka: "Chiswe, ndatopa kulankhula ndi dirowa. Loweruka 10 koloko tikumane m'chipinda cha ana, pa timipando tofiira. Ndibweretsa kope langa. Ndikufuna uyambe kuwerenga ndiwe."

Aphungu, ndawerenga kapepalako mwina ka makumi atatu. Mwana wanga akufuna ndiwerenge nthano zake. Diresi ya Loweruka ndasita kale, ngakhale sindikudziwa ngati ndipita. Mayi Chidindo ali ndi mwana wamkazi wa mchimwene wawo amene ali ku koleji, ndipo akuti tingathe kumuphunzitsa mabuku onsewo m'masiku atatu, akakhale Chiswe. Kapena ndilembe kuti Chiswe wasamuka. Kapena ndingopita, ndikakhale pa kampando kofiira, adzandipeze. Koma akangondiona, kodi sindimutaya kawiri, monga mayi ake komanso monga mnzake? Ndithandizeni msanga.

E. M. N., wa pa desiki yoyang'anana ndi khomo

*

Amayi Chiswe,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ka mvuu ako mundisungire. Pa desiki yanga ino pamafika misozi yambiri, choncho kulandira munthu amene vuto lake ndi lakuti wapeza kuti mwana wake ndi wanzeru komanso woseketsa, ndapuma. Kondwani ndithu. Koma akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo anu afika Loweruka. Yankho ili ndakutumizirani nokha lisanatuluke mu nyuzi, kuti likupezeni nthawi ilipo.

Ndiyambe ndi chowawa. Mapepala atatu oyambawo munali Chiswe, ndipo panalibe cholakwa. Kuyambira lachinayi munali mayi woika khutu pa chitseko. Ndipo tsiku limene munafunsa kuti mayi ake ndi otani, munasuzumira pabowo la kiyi. Mukudziwa nokha, n'chifukwa chake manyazi akugwirani. Mwana anakuuzani kuti vuto lanu ndi lakuti ukakuuzani kanthu mawa onse adziwa. Taonani tsopano: bambo ake akudziwa, Mayi Chidindo akudziwa, ine ndikudziwa, owerenga anga adziwa. Ndime ziwiri za nkhani zake zamumtima ndazichotsa m'kalata yanu, ndipo tina ndi tina ndasintha kuti asazindikirike. Amayi, pakamwa panu pakufunika loko.

Za mtsikana wa ku koleji muiwale. Mwana amene anaona kuti bambo wa nyuzi amagona maso ali chitsegulire angamugwire wabodzayo asanakhale n'komwe pansi, ndipo mungakhale mutapereka kope la mwana wanu kwa mlendo. Zoti Chiswe wasamuka nazonso ayi. Mwanayo angaganize kuti anaulula mtima wake ndipo munthu anathawa, ndiye sadzaululiranso wina. Kukakhala pa kampando kofiira ndi diresi yosita kuti adzakupezeni, zimenezo zimakoma m'mabuku mwanumo. Kwa mtsikana wa zaka 15 ndi kumuvula pagulu. Adzayenera kumeza manyazi ndi mkwiyo pamaso pa tiana ndi makolo awo, kope lili m'manja.

Chitani izi. Lachinayi lisanathe, ikani kalata mu dirowa ya T, mu envelopu yomata. Mulembe ndi zilembo zanu za masiku onse, zimene amaziona pa malipoti ake a kusukulu. Ikhale yaifupi. Mumuuze kuti Chiswe ndinu. Mumuuze tsiku lenileni limene munamuzindikira, osachepetsa, ndi kuti munayenera kunena pomwepo koma munalephera chifukwa kucheza naye kunakukomerani kwambiri. Mumuuze amene akudziwa ndi zimene akudziwa, kuphatikizapo zoti munandilembera, chifukwa akadzazitulukira yekha zonse mwamangazi zidzagwa. Mupepese za funso lija. Mupepesenso za foni ija ya kwa achemwali anu, imene yadikira kupepesa zaka ziwiri. Pomaliza mumuuze kuti Loweruka mudzakhala pa desiki yanu monga mwa masiku onse, ndipo kubwera kapena kusabwera, ndi kope kapena popanda kope, zili kwa iye.

Onjezanipo chinthu chimodzi, chifukwa adzachikayikira: kuti za galu wa pa mutu 9 munkanena zoona. Adzaganiza kuti munkangonamizira kukonda mabukuwo kuti mumukole. Ayenera kudziwa kuti munthu amene ankaseka naye uja alipodi, ndipo amakhala naye nyumba imodzi.

Mwina akudziwa kale. Mwana amene analandira kope lachikuto cholimba n'kungoti "Oo" sindikumukhulupirira kwenikweni. N'kutheka kuti nayenso dirowa ikumupepukira kusiyana ndi kuyang'anana maso, ndipo Loweruka ili ndi njira yake yokutulutsani kuuna. Koma musadalire zimenezo. Konzekerani ngati sakudziwa. Konzekerani chitseko chomenyetsedwa, ndi sabata imodzi kapena mwezi wa eya ndi ayi. Musamuthamangire, musatume bambo ake, musalire pakhomo pa chipinda chake kuti akumvereni chisoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dirowa ya C muziitsegulabe mamawa uliwonse. Ngati adzabwerere, ndikuganiza kuti adzayambira kumeneko, mwina ndi kapepala kokutukwanani mwaulemu. Mukayankhe.

Zimene anakuuzani monga Chiswe si zanu kuti muzigwiritse ntchito monga mayi. Za unamwino musaziyambitse patebulo. Zamumtimazo musazitchule mpaka atazitchula yekha. Pokhapokha ngati munamva kanthu kosonyeza kuti ali pangozi, pamenepo umayi umapita patsogolo, koma m'zimene ndawerenga mulibe zotere.

Palinso nkhani ya kabatiyo. Maganizo anu ndi abwino kwambiri ndipo musawataye, poti ana ayamba kukangana za mabuku, chimene malaibulale ambiri amangochilota. Koma munthu wamkulu kulemberana ndi ana mobisa dzina si chinthu chosiya chonchi. Khalani pansi ndi abwana, mumate chidziwitso pa kabatipo chakuti Chiswe ndi wogwira ntchito mu laibulale muno, ndipo mugwirizane chochita ngati mwana wina atalemba kuti akuzunzidwa kunyumba. Timadirowa tosatseka aliyense angathe kutsegula, ndiye ganizirani za maenvelopu.

Chenjezo langa lomaliza ndi la tsiku limene adzakupatseni kopelo, kaya ndi Loweruka kaya ndi chaka chamawa. Bolopeni muisiye m'chikwama. Musakonze kalembedwe ka mawu, musafunse kuti ankalemba nthawi yanji homuweki ili apo, ndipo musaimbire munthu foni kuti kwanu kwabadwa wolemba mabuku. Mumuuze malo amene munaseka ndi malo amene simunakhulupirire, monga munkachitira ndi mabuku a m'makatoni. Ndipo m'nthano zisanu ndi ziwirizo mukapezamo mayi wolongolola, wovuta, amene aliyense akumuthawa, musadzutse mutu n'kufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Tsegulani tsamba lotsatira.

Aphungu